Chikweza cha kuseri kwa mudzi wathu

Kwathu ndi kufupi ndi Golomoti, m'boma la Dedza, kumunsi kwa mapiri kumene msewu wa Khwekhwerere umatsikira. Ukachoka m'mudzi mwathu kulowera kumadzulo, umapeza kachikweza kamene mwana aliyense wa kumeneko anakula akukakwera. Si phiri ayi. Nthaka imangodzuka mwadzidzidzi ngati sitepe ya pakhomo, kenako n'kupitirira bwinobwino mpaka kukafika m'tsinde mwa mapiri enieni. Tili ana tinkatsetserekapo titakhalira zigubu zong'ambika. Amayi amadana napo chifukwa pamawaphwanya mawondo akasenza nkhuni. Kwa zaka 21 sindinadzifunsepo kuti chikweza chimenechi chinabwera bwanji. Munthu sufunsa kumene kunachokera chinthu chimene unachipeza pobadwa.

Semesita yatha, m'kalasi ya nthano ndi mbiri yapakamwa, anatipatsa asayimenti yoti tikajambule mawu a munthu wachikulire akusimba chinthu chachikulu chimene anachiona ndi maso ake. Ine ndinasankha agogo anga aakazi, mayi wa abambo. Ndinkayembekezera kuti andiuza za njala ya 2002, chifukwa ndiyo nkhani imene amayibwereza tikasiya mkute wa nsima m'mbale. Koma nditayika foni pamphasa, anayamba ina.

"Unali mwezi wa Malichi, tikudya mondokwa," anatero agogo. "Tinali titagona kale. Ndinamva mkokomo ngati sitima ikubwera kuchokera ku Salima, koma sitima siyenda pansi pa mphasa. Mbale zinayamba kugwa zokha, nkhuku kulira, agalu kuuwa mudzi wonse. Ndinanyamula azakhali ako n'kuthamangira panja, bambo ako ali pambuyo opanda malaya. Tinagona pabwalo masiku angapo, mvula ikutinyowetsa. Ena ankati Napolo wasuntha m'phiri. Ena anagwada n'kumapemphera kuti dziko latha."

Nditabwerera ku Zomba ndinafufuza kuti ndidziwe tsiku lake. Linali 10 Malichi 1989, usiku nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko. Chivomerezicho chinachokera chakufupi ndi Salima, mphamvu yake inapitirira 6 pang'ono pa sikelo imene amayezera zivomerezi, chinapha anthu 9 ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Ndinasangalala kuti mawu a agogo agwirizana ndi zolembedwa, ndipo ndinaona ngati asayimenti yatha.

Usiku wina ndikulemba mawuwo kuchokera pafoni, mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kuhositelo ankamvetsera. Iyeyo amaphunzira sayansi ya miyala ndi nthaka. Atamva dzina la Golomoti anadzuka pabedi, n'kutsegula laputopu yake, n'kundionetsa mapu a Malawi odzaza ndi mizere. Anandiuza kuti ndiloze pamene pali mudzi wathu. Chala changa chinagwera pamzere weniweniwo. Anandifunsa ngati kwathu kuli malo pamene nthaka imakwera mwadzidzidzi, malo otalika mopingasa ngati khoma. Ndinati ee, timatsetserekapo. Anaseka pang'ono, kenako anasiya kuseka. "Iwe, chimenecho ndi chipsera cha chivomerezi," anatero.

Zimene anandifotokozera usiku umenewo, ndi zimene ndakhala ndikuwerenga kuyambira pamenepo, ndiyesa kuzinena m'mawu a munthu amene sayansi anayisiyira ku Fomu 4. Chikhungwa cha dziko lapansi si chimodzi chathunthu. Chili ngati mphika wosweka umene mapale ake akadali m'malo mwake, kungoti mapalewo amayenda. Kuno kum'mawa kwa Africa, phale limene takhalapo likung'ambika. Mng'ambowo ukuchokera ku Ethiopia, n'kutsika kudzera m'mayiko a nyanja zikuluzikulu, kudutsa Malawi mpaka ku Mozambique. Nyanja ya Malawi yakhala m'chigwa cha mng'ambo umenewu, n'chifukwa chake ili yaitali, yopapatiza, ndiponso yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde ndi ana a mng'ambo womwewu.

Mbali ziwiri za chigwachi zikutalikirana ndi milimita imodzi kapena ziwiri pachaka. Chikhadabo chanu chimakula kuposa pamenepo m'mwezi umodzi wokha. Vuto ndi lakuti miyala siisuntha tsiku ndi tsiku kuti igwirizane ndi kukokako. Imagwirana pa ming'alu ikuluikulu imene imalowa pansi makilomita ambiri, n'kumasunga mphamvu ngati nsungwi imene munthu akuyipinda pang'onopang'ono. Tsiku limene yalephera kupirira, mbali imodzi imatsika nthawi imodzi, m'masekondi ochepa chabe. Kugwedezeka kumene timamva ndi kumeneko. Chivomerezi chikakhala chachikulu, mng'aluwo umatulukira pamwamba, ndipo pamene panali posalala pamatsala sitepe.

Mng'alu umene ukudutsa kwathu uli ndi dzina. Amautcha Bilila-Mtakataka, ndipo ndi wautali makilomita opitirira 100, kutsata m'munsi mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Chikweza chake m'malo ambiri chimafika mamita 10, kwina kupitirira 20. Mu 1997 akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, analemba kuti ngati chikweza chonsecho chinapangika nthawi imodzi, chivomerezi chake chinali cha mphamvu yoyandikira 8. Ofufuza ena amene anabwera pambuyo pake, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti zoonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka, anapeza zizindikiro zakuti chinapangika ndi zivomerezi zosachepera ziwiri. Ngakhale zili choncho, chilichonse mwa izo chinali chachikulu kwambiri. Apa muyenera kudziwa kuti sikelo ya zivomerezi siikwera ngati malikisi a mayeso. Kuchoka pa 6 kufika pa 7, mphamvu imachuluka maulendo pafupifupi 32. Kuchoka pa 6 kufika pa 8, maulendo pafupifupi 1,000. Chimene chinagoneka agogo panja chinali kamwana.

Funso loyamba limene ndinamufunsa mnzanga ndi limene inunso mungafunse: nanga bwanji sitinamvepo? Yankho lake ndi nkhani ya nthawi. Makina ojambula zivomerezi angokhalapo zaka zopitirira 100 pang'ono. M'nthawi imeneyi dera lathu lino laonapo chivomerezi cha ku Rukwa, ku Tanzania, cha pa 13 Disembala 1910, cha mphamvu 7.4, cha ku Salima chija, cha ku Machaze, ku Mozambique, mu Febuluwale 2006, cha mphamvu 7, ndi zivomerezi zotsatizana za ku Karonga mu Disembala 2009, zimene zinapha anthu 4, kuvulaza mazana ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri. Koma werengerani nokha. Ngati nthaka ikukokedwa milimita imodzi pachaka, pamafunika zaka 1,000 kuti pasonkhane mita imodzi. Mng'alu umene umatsika mamita angapo nthawi imodzi ungathe kugona zaka masauzande osatekeseka. Kuweruza mng'alu wotere ndi zaka 100 za makina kuli ngati kufika m'mudzi mwezi wa Juni, kukhalamo sabata imodzi, n'kukauza anthu kwanu kuti kumeneko sikugwa mvula.

Ku Karonga kunaonetsa chinanso. Aliyense ankadziwa za mng'alu waukulu umene unadzutsa mapiri a Livingstone kutsidya kwa nyanja, ku Tanzania. Koma zivomerezi za 2009 sizinachokere pamenepo. Zinachokera pa ming'alu ing'onoing'ono ya pansi pa chigwa cha Karonga chenichenicho, imene inali yokwiririka ndi dothi ndipo siinali pamapu. Kuchokera nthawi imeneyo, akatswiri a ku nthambi ya boma ya Geological Survey, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, pamodzi ndi anzawo a m'mayunivesite a kuno ndi a ku Britain, akhala akulemba ming'alu imene ikadali yamoyo. Mndandanda umene unatuluka, Malawi Active Fault Database, uli ndi ming'alu 113. Mapu amene mnzanga anandionetsa ndi amenewo. Ngati mukuwerenga muli ku Zomba, ku Thyolo, ku Chingale kapena ku Mwanza, musaone ngati nkhaniyi ndi ya anthu a ku Golomoti okha. Mayina onsewa alinso pa ming'alu.

Chimene chinandikoka mtima kwambiri ndi mmene anthu amawerengera zivomerezi zimene zinachitika kusanabwere makina kapena zolemba. Pachingerezi sayansi imeneyi amayitcha paleoseismology. Ofufuza amakumba ngalande yopingasa mng'alu, yakuya mamita awiri kapena atatu, n'kusalaza makoma ake mpaka mizere ya dothi ioneke bwino. Dothi limasanjikizana ngati zofunda zopinda: lapansi ndi lakale, lapamwamba ndi latsopano. Chivomerezi chikachitika chimadula mizere yonse imene ilipo tsiku limenelo. Pambuyo pake mvula ndi mitsinje zimayala dothi latsopano pamwamba, losaduka. Choncho ukapeza mzere womaliza woduka ndi mzere woyamba wosaduka, wadziwa kuti chivomerezi chinachitika pakati pa iwiriyo. Kuti adziwe zaka, amatola timakala, timbewu kapena tizidutswa ta mitengo m'mizere imeneyo n'kukayeza carbon-14, amene amatha ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse chamoyo chikafa. Moto wa tchire umene unayaka munthu aliyense wa m'nthano zathu asanabadwe umasanduka kalendala.

Mmodzi mwa amene anayambitsa njira imeneyi ndi Kerry Sieh, amene m'zaka za m'ma 1970, akadali wophunzira, anakumba pamalo otchedwa Pallett Creek pa mng'alu wa San Andreas ku California. M'dothi la dambo anapezamo zizindikiro za zivomerezi zikuluzikulu zingapo zotsatizana, chomaliza chili cha mu 1857, ndipo anthu a kumeneko anayamba kuona kuti chimene ankachiyesa tsoka la kamodzi chili ndi chizolowezi chobwerera. Pali zizindikiro zinanso kupatula ngalande. Chikweza chatsopano chimakhala chakuthwa, chakale mvula imachisalaza. Mtsinje ukadulidwa ndi mng'alu pamabadwa mathithi, ndipo mathithiwo amabwerera chakumtunda pamene madzi akudya mwala, moti mtunda umene abwerera umanena kanthu za nthawi imene yapita.

Ndikuwerenga zimenezi ndinazindikira kuti ntchitoyi si yachilendo kwa ife a mbiri ndi zolemba. Kufupi ndi Mtakataka, pamtunda woyenda ndi njinga kuchokera kwathu, kuli Mankhamba, limene linali likulu la a Kalonga a Amaravi. Yusuf Juwayeyi anatsata mbiri yapakamwa kuti apeze malowo, kenako anakumba, n'kuwerenga mizere ya dothi, mapale, mikanda ndi makala. Njira ndi yomweyo: kufunsa anthu, kufunsa nthaka, n'kuona pamene mayankho akukumana.

Nkhani imene inandionetsa bwino kukumanako ndi ya kugombe la kumadzulo kwa North America, dera lotchedwa Cascadia. Azungu atakhazikika kumeneko sanaonepo chivomerezi chachikulu chochokera pa mng'alu wa pansi pa nyanja, ndipo kwa nthawi yaitali ambiri ankati mng'aluwo ndi wofatsa. M'zaka za m'ma 1980, Brian Atwater anayamba kukumba m'matope a m'mphepete mwa nyanja ku Washington. Anapeza madambo okwiririka, mchenga wa m'nyanja utayalidwa pamwamba pake, ndi nkhalango za mikungudza youma ili chiimire m'madzi amchere. Gombe linatsika mwadzidzidzi, nyanja n'kulowa. Mizere ya m'kati mwa mitengoyo inaonetsa kuti inakula komaliza mu 1699. Kutsidya kwa nyanja ya Pacific, ku Japan, alembi a m'midzi ya m'gombe anali atalemba za mafunde aakulu amene anafika usiku wina mu Januwale 1700 popanda chivomerezi chilichonse chomveka kumeneko. Mu 1996 Kenji Satake ndi anzake anawerengera maola amene mafunde angatenge kuwoloka nyanja, n'kupeza kuti chivomerezi cha mphamvu pafupifupi 9 chinachitika ku Cascadia pa 26 Januwale 1700, cha m'ma 9 koloko usiku.

Eni nthaka a kumeneko ankadziwa kale. Anthu a mtundu wa Huu-ay-aht, pachilumba cha Vancouver, ankasimba za usiku umene nthaka inagwedezeka ndipo nyanja inakokolola mudzi wa ku Pachena Bay anthu atagona. Mitundu ina inali ndi nthano za chimbalame cha bingu chikulimbana ndi namgumi mpaka dziko kunjenjemera. Kwa zaka zambiri nkhani zimenezi zinkasungidwa ngati nthano zokoma basi. Matope, mitengo, mabuku a alembi ndi pakamwa pa agogo zinadzanena chinthu chimodzi.

Ku Japan komweko kuli phunziro lowawa. Mbiri yawo yakale inalemba za chivomerezi ndi mafunde a chaka cha 869 kuchigwa cha Sendai. Koji Minoura ndi anzake anapeza mchenga wa mafunde amenewo pansi pa minda ya mpunga, kutali ndi gombe, pamodzi ndi mizere ina yakale kuposa pamenepo, ndipo mu 2001 analemba kuti mafunde oterewa amabwerera pakapita zaka 800 mpaka 1,100. Pa 11 Malichi 2011 anabwereradi, ndipo anthu opitirira 18,000 anafa kapena kusowa. Chidziwitso chinalipo, koma chinali chisanafike mokwanira kwa amene amasankha kutalika kwa makoma ndi malo omangapo. Yerekezani ndi chilumba cha Simeulue ku Indonesia. Mafunde a mu 1907 anapha anthu ambiri kumeneko, ndipo otsala anaika phunzirolo m'nyimbo ndi nthano pansi pa liwu limodzi, smong: nthaka ikagwedezeka, nyanja n'kuphwa, thawira kumtunda. Pa 26 Disembala 2004 chilumbachi chinali pafupi kwambiri ndi pamene chivomerezi chinayambira, koma mwa anthu pafupifupi 78,000 anafa ndi 7 okha.

Monga wophunzira wa mbiri yapakamwa, ndikanakonda kuimira pamenepa n'kunena kuti mwaona, mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Koma kwathu kuno nkhaniyi siithera pokoma choncho. Ku Simeulue nthano inayenera kupirira zaka 97. Ku Cascadia, zaka 300. Mbiri yapakamwa ya Amaravi, ngakhale ili yolimba, imatifikitsa zaka mazana angapo mmbuyomu. Angoni anafika m'dera lathu m'zaka za m'ma 1800. Mng'alu umene umadzuka kamodzi pa zaka masauzande umaposa chikumbumtima cha mtundu uliwonse umene wakhalapo pamwamba pake. Agogo anandiuza za 1989 mosaphonya, koma za chikweza sanandiuze kanthu, ndipo nditawafunsa anati chinalengedwa choncho. Sanalakwe kusadziwa. Mboni zonse zinapita kalekale, ndipo yatsala ndi nthaka yokha.

Zonsezi zikanangokhala nkhani yocheza kuhositelo chikanapanda kuti abambo akumanga nyumba. Atha zaka zitatu akuumba ndi kuwotcha njerwa pang'onopang'ono. Malo amene anasankha ndi posalala, kumunsi kwa chikweza, poyenda mphindi zochepa. Nditapita kutchuthi ndinapeza khoma lafika pamawindo. Amisiri ankamanga monga amangira nyumba zambiri kwathu: njerwa zowotcha, zomata ndi dothi, matabwa pamwamba pa zitseko ndi mawindo, kenako malata. Ndinadikira mpaka madzulo, titadya, n'kuyamba mozungulira monga mwana amayambira nkhani imene akudziwa kuti si ya msinkhu wake. Ndinawaonetsa mapu pafoni. Ndinawauza za Karonga, mmene nyumba za njerwa zomata ndi dothi zinatsegukira m'makona, makoma n'kugwa paokhapaokha. Ndinawapempha kuti aike bimu ya simenti ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, kuti makoma agwirane ngati mtolo womanga ndi luzi.

Abambo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Iwe, agogo ako anabadwira pano. Agogo awo ali kumanda uko. Chivomerezi chapha ndani m'mudzi muno? Ine chimene ndikuchidziwa ndi njala, ndi madzi osefukira, ndi fizi yako. Simenti ndi zitsulo zimene ukunenazo ukudziwa mtengo wake? Ndalama imene ilipo ndi ya mbuzi zija, ndipo ndinakulonjeza kuti ndi ya laputopu yako."

Ndinasowa choyankha usiku umenewo, ndipo sindikufuna kuti muwaone abambo ngati munthu wosamva. Mfundo yawo ndi yolimba kuposa mmene ife a kuyunivesite timavomerezera. Munthu amene ndalama zake n'zowerengeka amayenera kusanja mantha ake pamzere, ndipo chinthu chimene chimabwera kamodzi pa zaka masauzande sichingakhale kutsogolo kwa feteleza. Namondwe wa Freddy yekha, mu Malichi 2023, anapha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno. Dziko limene likulimbana ndi zoterezi chaka ndi chaka likhoza kufunsa moona mtima ngati kukumba ngalande pofuna zivomerezi zakale si masewera a anthu okhuta.

Ndinagona ndikuganiza, ndipo mayankho amene ndinapeza ndi atatu. Loyamba ndi lakuti ndinalakwitsa kuyamba ndi chivomerezi chachikulu. Mng'alu umodzi ungagone zaka masauzande, koma tili ndi ming'alu yopitirira 100, ndipo uliwonse uli ndi nthawi yake. Zivomerezi za mphamvu ya 6 zatigwetsera nyumba kawiri m'moyo wa abambo omwewa, mu 1989 ndi mu 2009. Bimu siingalonjeze kanthu ngati mng'alu wonse wa Bilila-Mtakataka utadzuka pansi pa khonde lathu, koma pa chivomerezi cha msinkhu wa ku Salima ingagwire khoma mpaka anthu atuluke. Lachiwiri, bimu yomweyo imathandiza nthaka ikanyowa n'kutitimira mbali imodzi, ndiponso imapatsa denga pogwira mphepo ikakula. Malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba amene boma linatulutsa pambuyo pa Karonga amanena za zoopsa zonsezi pamodzi. Lachitatu, nyumba imamangidwa kamodzi. Laputopu ndikhoza kugula chaka chamawa, koma bimu siilowa m'khoma malata atakhomedwa kale.

Pa funso la dziko, ndikuganiza kuti kusauka kwathu ndi chifukwa chofunira kafukufukuyu. Dziko lolemera likhoza kumanga chilichonse molimba paliponse. Ife tiyenera kudziwa pamene mpofunika kulimbitsa kwambiri: sukulu iti, chipatala chiti, damu liti, mlatho uti. Palibe wasayansi amene anganene tsiku la chivomerezi, ndipo aliyense wokuuzani tsiku pa WhatsApp akunama. Chimene ngalande ndi mapu zimanena ndi malo, kukula kwake, ndi kuti chimabwera kawirikawiri bwanji. Kwa womanga, zimenezo n'zokwanira.

M'mawa mwake sindinatenge foni. Ndinapita kwa agogo n'kuwapempha kuti asimbenso za usiku wa 1989, abambo ali pomwepo akusema mpini. Agogo anasimba, koma ulendo uno anawonjezera chimene sanandiuze pojambula paja. Anati khoma la kuchipinda kumene abambo ankagona linang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi, ndipo m'mawa anapeza chibuma chachikulu chili pamphasa, pamalo pamene pankakhala mutu. "Ukanachedwa kudzuka, mwana uyu sakanabadwa," anatero akundiloza ndi chibwano. Abambo sanayankhe. Anapitiriza kusema. Patapita masiku awiri ndinawamva akufunsa amisiri kuti bimu yozungulira ingadye matumba angati a simenti.

Mapu anga sanawasunthe, koma mawu a mayi awo anawasuntha. Komanso popanda mapuwo ine sindikanadziwa choti ndipemphe, ndipo nkhani ya agogo ikanakhala ya malikisi basi. Apa ndi pamene ndikuona ntchito ya ife amene timafunsidwa kunyumba kuti digiri ya nthano tidzadya nayo chiyani. Zimene akatswiri apeza zokhudza ming'alu yathu zili m'mapepala a Chingerezi chovuta, chimene ngakhale ine ndinkachita kufunsa mnzanga mzere uliwonse. Amisiri a m'mudzi sadzawawerenga mapepala amenewo. Mfumu imene ikugawa malo siidzawawerenga. Pakufunika anthu oti atenge zimene nthaka yanena n'kuziika m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chikyangonde, m'Chiyao, m'sewero la pawailesi, m'buku la Sitandade 6, m'mawu amene munthu angakumbukire pakati pa usiku mbale zikugwa. Pakufunikanso oti ajambule agogo a ku Salima, Dedza ndi Karonga adakali moyo, chifukwa amene akukumbukira kuti khoma liti linagwa ndi liti linaima ali ndi umboni umene mainjiniya angaugwiritse ntchito. Anthu a ku Simeulue anali ndi liwu limodzi lonena choti uchite. Ife tili ndi liwu la chivomerezi, koma silitiuza ngati tithawire panja kapena tibisale pansi pa tebulo, ndiponso silitiuza mmene tingamangire. Chakudza sichiimba ng'oma, ndiye ng'omayo tiyenera kuisema tokha.

Bimu anaithira mwezi watha. Mng'ono wanga ananditumizira chithunzi: matabwa akadali omangirira, simenti ikuuma, abambo ataima pambali manja ali m'chiuno, ndipo kumbuyo kwawo chikweza chikuoneka, mbuzi ziwiri zimene zinatsala zikudya pamwamba pake. Nkhani ino ndailemba pa laputopu ya mnzanga uja, iye atagona. Tchuthi chikubwerachi wati apita nane kwathu kuti akachione yekha chikwezacho, ndipo agogo atumiza kale uthenga woti abwere ndi nsapato zolimba.